Laputopu inada bii, pasiwedi n'kukanidwa: mmene ndinaibwezera osafomata

Laputopu yomwe timagwiritsa ntchito ine ndi mng'ono wanga imayendera Linux ya m'banja la Debian, ndipo pamwamba pake pali Xfce, pulogalamu yomwe imaonetsa desikitopu ndi mawindo. Tsiku lina nditaiyatsa, mawu oyera aja anathamanga pa sikirini monga mwa nthawi zonse, kenako kunada bii. Chakumtunda kumanzere kunangotsala kamzere kakang'ono kakuphethira. Malo olembapo dzina ndi pasiwedi sanabwere.

Mng'ono wanga anati, "Achimwene, usiku ndimangofuna kuti izitha kulemba ŵ. Sindinafufute chilichonse." Tinkalemba pa kompyuta zolemba zakale zomwe chilembochi chimapezekamo pafupipafupi, ndipo kumangochikopera pa intaneti kunali kutamutopetsa. Mawu akewo anandithandiza kwambiri, chifukwa anandiuza koyambira: chomwe chakhudzidwa ndi kiyibodi, osati disiki. Mnzathu wina yemwe tinamuimbira foni anangoti tifomate n'kuika zonse mwatsopano. Malangizo amenewa ndi ofala, koma mu laputopumo munali ntchito ya miyezi yambiri, ndipo vuto lomwe linalipo linali la mafayilo atatu a malemba, aang'onoang'ono.

Poyamba ndinafuna kutsimikiza kuti mabatani enieniwo ndi amoyo. Mukayatsa kompyuta n'kudina F2, Del kapena Esc, malinga ndi mtundu wake, mumalowa mu BIOS kapena UEFI, pulogalamu ya m'kati mwa kompyuta yomwe imayamba Linux isanayake. Ngati mivi ndi Enter zikuyenda bwino mmenemo, kiyibodi ilibe mlandu, ndipo kukagula ina ya USB sikusintha kalikonse. Zanga zinkayenda. Palinso tizifukwa tina tomwe timapusitsa anthu tsiku ndi tsiku. Pa malaputopu opanda mabatani a manambala kumbali, Num Lock imasandutsa J, K, L kukhala 1, 2, 3 ndipo U, I, O kukhala 4, 5, 6. Pa Windows, kugwira Shift yakumanja kwa masekondi 8 kumayatsa Filter Keys, ndipo kiyibodi imaoneka ngati yafa pomwe ikungonyalanyaza kudina kwachangu. Izi muziyamba mwazichotsa m'njira musanapite patali.

Chinthu chimodzi chomwe chimamasula nkhani yonse ndi ichi: kiyibodi siitumiza zilembo. Batani lililonse limatumiza nambala, ndipo pulogalamu ndi yomwe imayang'ana pa mapu ake n'kunena kuti nambala iyi ndi A kapena Q. Zilembo zomwe zili pamwamba pa mabatani ndi penti chabe. Pa Linux mapu amenewa sali amodzi. GRUB, yomwe imasankha choti iyatse, ili ndi ake ndipo kawirikawiri ndi a ku America. Kachigawo koyambirira kotchedwa initramfs kali ndi ake. Sikirini ya malemba okhaokha ili ndi ake. X11 kapena Wayland, zomwe zimabweretsa zithunzi ndi mbewa, zili ndi ake otchedwa XKB, ndipo pamwamba pa zonsezi munthu aliyense atha kusankha ake mu akaunti yake. Zili ngati nyumba yomwe khomo lililonse lili ndi womasulira wake: mmodzi akasokonezeka, enawo amakhala akadali bwinobwino. Ntchito yanu ndi kupeza khomo lomwe akukumvanibe.

Ndinadina Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi. Pa malaputopu ena mumawonjezera Fn. Sikirini yakuda inasintha n'kubweretsa mawu oti login. Apa mtima unakhala m'malo, chifukwa zinatanthauza kuti Linux yayaka yonse, disiki ikuwerengeka, ndipo chagwa ndi chigawo cha zithunzi chokha. Ndinalemba dzina, n'kulemba pasiwedi, ndipo inayankha kuti Login incorrect.

Pamenepa musamangobwerezabwereza. Pa Linux zina, mukaphonya katatu akaunti imadzitseka kwa mphindi 10, ndipo nthawi imeneyo ngakhale pasiwedi yolondola imakanidwa, zomwe zimasokoneza mutu kwambiri. Malo a pasiwedi saonetsa chomwe mukulemba, koma malo a dzina amaonetsa. Choncho pa malo a dzina ndinadina mabatani asanu ndi limodzi oyambirira a mzere wa zilembo wakumtunda, q w e r t y, ndipo pa sikirini panatuluka azerty. Basi, yankho linali pomwepo. Kompyuta inkaganiza kuti kiyibodi yanga ndi ya ku France.

Mapu omwe ambirife tinazolowera, a QWERTY, anachokera pa makina otayipira a Christopher Latham Sholes omwe kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Ku France ndi ku Belgium amagwiritsa ntchito AZERTY, ndipo ku Germany ndi ku Austria kuli QWERTZ, komwe Y ndi Z zinasinthana malo. Pa AZERTY ya ku France, A ndi Q zinasinthana, Z ndi W zinasinthana, ndipo M ili kumanja kwa L. Chomwe chimapha anthu ambiri ndi manambala. Mukadina mzere wa manambala popanda Shift, pamatuluka zinthu monga &, é, è, ç ndi à. Kuti mupeze 1, 2, 3 muyenera kugwira Shift. Pasiwedi yanga inali ndi a, m ndi manambala, ndiye inali itasokonekera malo angapo nthawi imodzi. Ngakhale mapu a ku Britain ndi a ku America, omwe amaoneka ofanana, amasiyana pa zizindikiro: @ ndi " zinasinthana malo, ndipo Shift ndi 3 imapereka £ kwina, # kwina. Munthu yemwe pasiwedi yake ili ndi @ atha kutsekeredwa kunja ndi kusiyana kokhako.

Ndinatsegula chithunzi cha kiyibodi ya AZERTY pa foni n'kuyesera chilembo chilichonse cha pasiwedi pa malo a dzina, chimodzichimodzi, mpaka nditadziwa batani lake. Pasiwedi yonse musailembe pamenepo n'kudina Enter, chifukwa mayina olakwika atha kusungidwa m'mafayilo a mbiri ya kompyuta. Muziona chilembo n'kufufuta. Nditalemba motsatira chithunzicho, ndinalowa.

Lamulo loyamba linali lobwezera mapu a sikirini ya malemba kuti ndisamalimbane ndi chilembo chilichonse:

sudo loadkeys us

Kumbukirani kuti mukadali pa mapu achilendo, ndiye a wa mu loadkeys mumupeza pa batani la Q, ndipo sudo ifunsanso pasiwedi mwa njira yomweyo. Lamuloli silikonza kanthu mpaka kalekale, limangogwira mpaka mutazimitsa, koma limakubwezerani manja anu.

Ndisanakhudze fayilo iliyonse ndinaika fulashi n'kukopera ntchito yathu. Lamulo la lsblk limaonetsa madisiki onse ndi kukula kwake, ndipo fulashi mumaizindikira ndi kukulako. Yanga inali /dev/sdb1.

sudo mount /dev/sdb1 /mnt
sudo cp -r ~/Documents /mnt/
sudo umount /mnt

Ena amaona ngati uku n'kutaya nthawi chifukwa vuto ndi la kiyibodi chabe. Ine ndimati munthu amene akukonza kompyuta ali ndi mantha otaya mafayilo amaganiza moperewera, ndipo zala zake zimathamanga kuposa mutu. Mukakopera, chilichonse chomwe chingachitike pambuyo pake sichikhalanso choopsa.

Funso lotsatira linali loti n'chifukwa chiyani zithunzi sizikubwera. Mapu a ku France paokha sangagwetse X11, amangosokoneza zilembo. Panayenera kukhala china. X11 imalemba zomwe zaichitikira mu fayilo, ndipo mizere ya zolakwika imakhala ndi chizindikiro cha EE:

grep EE /var/log/Xorg.0.log

Pa makompyuta ena fayiloyi imakhala mu ~/.local/share/xorg/. Panatuluka mizere yonena kuti yalephera kumanga mapu a kiyibodi, ndipo chakumapeto panali mawu akuti Failed to activate virtual core keyboard. Tanthauzo lake ndi loti X11 ikamayaka imayamba yamanga kiyibodi yake yoyambira pogwiritsa ntchito mapu a us, ngakhale inu mutasankha ena. Fayilo ya us ikakhala yowonongeka, ilibe kothawira, ndiye imangozima. Pulogalamu yobweretsa malo a pasiwedi, yomwe kwa ine ndi LightDM, imayesa kuiyatsanso, n'kulephera, n'kusiya. Mdima uja unachokera pamenepo.

Kuti ndidziwe zonse zomwe zinasinthidwa sindinadalire kukumbukira kwa mng'ono wanga, osati chifukwa amanama, koma chifukwa munthu akamakopera malamulo pa masamba osiyanasiyana usiku sakumbukira dongosolo lake. Lamulo la history linaonetsa zomwe analemba, ndipo ili linaonetsa mafayilo omwe anasintha m'masiku awiri apitawo:

sudo find /etc /usr/share/X11 -type f -mtime -2

Mwa omwe anatuluka, atatu ndi omwe anali ndi nkhani: /usr/share/X11/xkb/symbols/us, /etc/default/keyboard, ndi /etc/X11/xorg.conf.d/00-keyboard.conf. Nkhani yonse inaoneka poyera. Anayamba watsegula fayilo ya us n'kuwonjezera mzere wa ŵ, koma kumapeto kwa mzerewo kunasowa chizindikiro cha ; chomwe mzere uliwonse wa batani umathera nacho. Poona kuti palibe chasintha, chifukwa X11 inali ikugwiritsabe ntchito mapu omwe inamanga kale m'mawa, anapita pa tsamba lina lomwe linalembedwera anthu a kiyibodi ya ku France n'kukopera zonse.

Ndimuikire kumbuyo pang'ono, chifukwa ganizo lake silinali lopusa. Kiyibodi ya ku France ili ndi batani la kachipewa kumanja kwa P, lomwe amalembera â, ê ndi ô. Batanilo silitulutsa kanthu palokha, limadikira chilembo chotsatira, ndipo pa Linux mukatsatiza w mumapezadi ŵ. Anapeza chomwe amafuna, koma anasuntha kiyibodi yonse kuti apeze batani limodzi.

Kukonza ndinakuyamba ndi fayilo ya us. Sindinayese kusaka cholakwikacho ndi maso, chifukwa fayiloyi ili ndi mizere yambirimbiri ndipo ndi ya phukusi lotchedwa xkb-data. Debian imasunga chidindo cha fayilo iliyonse yomwe inaika, ndiye mutha kuifunsa:

dpkg --verify xkb-data

Inatulutsa mzere umodzi wokha, wa symbols/us, wokhala ndi nambala 5 kutsogolo, kusonyeza kuti zam'kati mwake sizikufanana ndi zoyambirira. Kuibwezera kumafuna intaneti. Ngati Wi-Fi siinalumikizike yokha, lamulo la nmtui limabweretsa kamndandanda koyendamo ndi mivi komwe mumasankha netiweki. Njira ina ndi kulumikiza foni ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, ndipo kawirikawiri Linux imaizindikira yokha.

sudo apt install --reinstall xkb-data
sudo systemctl restart lightdm

Sikirini inaphethira, ndipo malo a dzina ndi pasiwedi anabwera. Ndinasiya dala mafayilo awiri enawo kuti ndione chomwe iliyonse imachita, ndipo monga ndimayembekezera, kudina q kunkatulutsabe a. Ndinabwerera ku Ctrl, Alt, F3 n'kutsegula fayilo yachiwiri ndi nano, pulogalamu yosinthira malemba:

sudo nano /etc/default/keyboard

Pa Debian, Ubuntu ndi Linux Mint fayilo imeneyi ndiyo gwero. Sikirini ya malemba ndi X11 zonse zimatunga pamenepo. Mzere wa XKBLAYOUT unali ndi "fr", ndipo ndinaubwezera kukhala "us". Amene kiyibodi yawo ndi ya ku Britain alembe "gb", osati "uk". XKBMODEL ndinaisiya pa "pc105", ndipo XKBVARIANT ndinaisiya yopanda kanthu. Ngati kusintha fayilo ndi manja kukukuchititsani mantha, sudo dpkg-reconfigure keyboard-configuration imakufunsani mafunso n'kulemba yokha. Kenako sudo setupcon inamanganso mapu a sikirini ya malemba.

Fayilo yachitatu ndi yomwe imazunguza anthu, chifukwa munthu amakonza gwero lija, n'kuyatsanso, n'kupeza kuti malo a pasiwedi akadali pa Chifalansa. Chilichonse chomwe chili mu /etc/X11/xorg.conf.d/ chimaposa mphamvu zomwe zili mu /etc/default/keyboard. Sindinaifufute, ndinangoisintha dzina, popeza X11 imawerenga mafayilo othera ndi .conf okha:

sudo mv /etc/X11/xorg.conf.d/00-keyboard.conf /etc/X11/xorg.conf.d/00-keyboard.kale

Pa Linux zina monga Fedora ndi Arch, fayilo ya dzina lomweli ndi yoyenera kukhalapo, ndipo imalembedwa ndi lamulo la localectl. Kumeneko simuichotsa, mumalemba sudo localectl set-x11-keymap us. Apa ndi pomwe malangizo a pa intaneti amavulaza: amakhala olondola, koma a Linux ina.

Pomaliza ndinalemba sudo update-initramfs -u n'kuyatsanso. Kwa ine lamuloli linali longotsimikiza, koma kwa amene disiki yawo ndi yotsekedwa ndi LUKS, njira yobisira zonse za pa disiki ndi mawu achinsinsi, ndi lofunika kwambiri, chifukwa mawu otsegulira disiki amalembedwa Linux isanayake yonse, pogwiritsa ntchito mapu omwe ali mu initramfs. Mapuwo akalakwika, simufika n'komwe pa Ctrl, Alt, F3. Zikakuchitikirani, pitani ku GRUB pogwira Shift kapena podina Esc poyatsa, lowani mu Advanced options n'kusankha kernel yakale (kernel ndi mtima wa Linux). Lamulo la update-initramfs -u limasintha ya kernel yatsopano yokha, ndiye yakaleyo nthawi zambiri imakhala ikadali ndi mapu omwe munazolowera.

Pali ena omwe sangathe kulowa ngakhale ndi chithunzi cha pa foni, mwina chifukwa pasiwedi ili ndi chizindikiro chomwe mapu atsopanowo alibe. Mu Advanced options momwemo, Ubuntu ndi Linux Mint zili ndi recovery mode yomwe imakupatsani mwayi wolamula ngati root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse. Disiki ikakana kulembedwa, mount -o remount,rw / imaitsegula. Zikakanika izi, yatsani kompyuta kuchokera pa fulashi ya Linux, yomwe ija munaikira, n'kusankha kuyesa m'malo moika. Fulashiyo imabwera ndi mapu akeake abwinobwino. Mukalumikiza disiki ya m'kati pa /mnt, mafayilo atatu aja mumawapeza pansi pa /mnt/etc ndi /mnt/usr, n'kuwakonza ngati malemba wamba. Fayilo ya us mutha kungoikopera kuchokera pa fulashiyo. Ndimalangiza aliyense wa Linux kuti fulashi imeneyi asaifufute akangomaliza kuika.

Ndiwonjezere chimodzi kwa amene sikirini yawo yauma ndipo Ctrl, Alt, F3 sikuyankha. M'malo mogwira batani lozimitsira, gwirani Alt ndi SysRq, lomwe nthawi zambiri ndi batani limodzi ndi Print Screen, n'kudina S, kudikira pang'ono, U, kudikiranso, kenako B. S imalemba pa disiki zomwe zinali zisanasungidwe, U imatseka disiki kuti isalembedwenso, B imayatsanso. Ubuntu ndi Debian zimalola zitatuzi. Amene ali pa GNOME, desikitopu ina yonga Xfce, adziwenso kuti akaunti iliyonse imasunga mapu ake mu Settings pansi pa Keyboard, ndipo Super (batani la chizindikiro cha Windows) ndi Space zimasinthasintha mapuwo, monga mmene Windows ndi Space kapena Alt ndi Shift zimachitira pa Windows. Ambiri omwe amati kiyibodi yapenga amakhala atangogunda mabatani awiriwa mosadziwa.

Laputopu itabwerera mwakale, nkhani ya ŵ inali ikadalipo, ndipo yankho lake ndi mzere umodzi mu /etc/default/keyboard:

XKBOPTIONS="compose:ralt"

Izi zimasandutsa Alt yakumanja kukhala batani lophatikizira. Mumadina Alt yakumanja n'kusiya, kenako ^, kenako w, ndipo ŵ yatuluka. Ndi W wamkulu mumapeza Ŵ. Zilembo zina zonse zimakhala pomwe zinali, ndipo pasiwedi siikhudzidwa. M'mapulogalamu ambiri a Linux mutha kudinanso Ctrl, Shift ndi U, n'kulemba 175, n'kudina Enter, chifukwa nambala ya chilembochi mu Unicode ndi U+0175. Pa Windows, mapu a United Kingdom Extended ali nacho chifukwa chinenero cha ku Wales chimachigwiritsanso ntchito: AltGr (Alt yakumanja) ndi 6, kenako w. Mu Word mumalemba U+0175 n'kudina Alt ndi X. Musasiye U+ kutsogoloko, chifukwa m'mawu athu ŵ imabwera pambuyo pa a kapena e kawirikawiri, ndipo Word imatenga zilembo zimenezo ngati mbali ya nambala n'kukutulutsirani chinthu china.

Mafayilo a mu /usr/share/X11/xkb ndi bwino kungowasiya, chifukwa ngakhale mutawasintha molondola, phukusi la xkb-data likadzalandira zatsopano lidzafufuta zomwe munalembazo. Ngati mukufunitsitsa kuyesa mapu ena, yesani ndi setxkbmap, mwachitsanzo setxkbmap fr, chifukwa zomwe lamuloli lasintha zimatha mukangotuluka mu akaunti. Ndipo ngati mwasintha kale fayilo ya us, musanazimitse kompyuta lembani setxkbmap us. Fayiloyo ikakhala ndi cholakwika, pamatuluka mawu akuti Error loading new keyboard description, inu mukadali ndi sikirini, mbewa ndi intaneti zoti mukonzere.